Kodi galu akamalota amadziwa kuti ndi maloto?

Dzuwa likafika paliwombo, galu wapamudzi amasaka pamthunzi: kunsi kwa nkhokwe, pakhonde kapena patsinde pa mango. Amazungulira kawiri katatu n'kudziponya pansi. Kwa kanthawi amangopuma bwinobwino. Kenaka zimayamba. Zala za mwendo wakutsogolo zimanjenjemera, wakumbuyo n'kumapalasa fumbi, mlomo wam'mwamba n'kukwera pang'ono mano kuonekera. Mukayang'anitsitsa zikope zake muona kuti maso akuyendayenda m'kati. Mwina atulutsa kamawu kotsamwa, kuuwa kosatsegula pakamwa. Ana amaseka, amati akuthamangitsa kalulu. Akuluakulu amati musiyeni, akulota.

Zoti galu amalota sizinayambe kukambidwa lero. Aristotle, wanzeru wa ku Greece amene anakhalako zaka zoposa 2,300 zapitazo, analemba kuti agalu, mahatchi, ng'ombe, nkhosa ndi mbuzi zimalota, ndipo pa agalu umboni wake unali womwewu wa kuuwa kutulo. Charles Darwin naye anavomereza zimenezi m'buku lake la mu 1871 lonena za chiyambi cha munthu.

Koma pali funso lina limene likuimitsa mitu ya akatswiri a ubongo. Munthu nthawi zina amati ali pakati pa maloto, chilombo chili pambuyo, n'kudzidzimuka mumtima koma osadzuka: iyayi, awatu ndi maloto. Ena akafika pamenepo amatembenuka n'kuchiyang'ana kumaso chilombocho. Ena amangoganiza zouluka, n'kuulukadi. Kodi galu, mphaka kapena nyani angafike pamenepo?

Mpaka pano palibe kafukufuku amene wasonyeza kuti nyama ina iliyonse kupatula munthu imatero. Palibenso amene wasonyeza kuti singatero. Chimene chatsekereza yankho ndicho chili ndi nkhani.

Kulota ukudziwa

Maloto oterewa anapatsidwa dzina la Chingerezi lakuti lucid dream mu 1913 ndi Frederik van Eeden, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Netherlands, amene kwa zaka zambiri ankalemba maloto ake m'buku. Muno tiwatcha maloto ozindikira. Amonke a Chibuda ku Tibet akhala akuphunzitsana luso limeneli kwa zaka mazanamazana ngati mbali ya mapemphero awo. Ndipo si la amonke okha. Mu 2016 ofufuza a ku Britain ataphatikiza zotsatira za kafukufuku wa zaka 50, anapeza kuti anthu pafupifupi 55 pa 100 alionse analotapo chotere kamodzi pamoyo wawo, ndipo 23 pa 100 zimawachitikira kamodzi pamwezi kapena kupitirira apo.

Ngakhale zinali choncho, asayansi kwa nthawi yaitali ankangopukusa mitu. Munthu akadzuka m'mawa n'kunena kuti usiku amadziwa kuti akulota, angamuikire kumbuyo ndani? Bwanji ngati anangodzuka pang'ono n'kumaganizira, kenaka n'kuziyesa maloto? Akuluakulu anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Nanji maloto ake.

Khomo linayamba kutseguka mu 1953 ku University of Chicago, pamene Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman anapeza kuti tulo si tofanana usiku wonse. Pamakhala nthawi zina pamene maso a munthu wogona amathamangathamanga pansi pa zikope, ubongo n'kumagwira ntchito mwamphamvu ngati mwini wake ali maso. Gawo limeneli limatchedwa tulo ta REM, ndipo anthu akadzutsidwa ali m'menemo, ambiri amafotokoza maloto omveka bwino, a mutu ndi mchira. Pa nthawi imeneyi ubongo umazimitsa minofu ya thupi kuti wolota asadzuke n'kumachita zimene akulotazo. Imatsala ikugwira ntchito ndi minofu yopumira ndi yoyendetsa maso. Mpata unali pamenepo.

Pangano la ku Hull

M'mawa wa pa 12 April 1975, ku University of Hull ku England, wophunzira wina wofufuza za maganizo, Keith Hearne, anali atachezera usiku wonse pambali pa makina ojambula mizere papepala. M'chipinda china munagona Alan Worsley, munthu amene ankalota maloto ozindikira kawirikawiri, atamatidwa timawaya kumutu, m'mbali mwa maso ndi kuchibwano. Awiriwa anapangana asanagone: ukangozindikira kuti ukulota, uyendetse maso kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja, kangapo motsatizana.

Kunja kutacha kale, mizere ya ubongo inkasonyeza kuti Worsley ali m'tulo ta REM, ndipo wa kuchibwano unali phee, kusonyeza kuti minofu yazima. Mwadzidzidzi zolembera za maso zinayamba kukwera ndi kutsika mwadongosolo, mizere ikuluikulu yosiyana kotheratu ndi kuyendayenda kwachisawawa kwa maso m'tulo. Munthu ali m'tulo tofa nato anakumbukira pangano, ndipo anatumiza uthenga kwa amene ali maso. Ku Stanford ku America, Stephen LaBerge anachitanso zomwezo payekha, n'kuzifalitsa mu 1981.

Mu 2021 magulu anayi a ofufuza, ku America, France, Germany ndi Netherlands, anapitirira pamenepo. Anagoneka anthu 36 n'kumawafunsa mafunso ali m'maloto. Mnyamata wina ku America atafunsidwa kuti 8 kuchotsapo 6 itsala ingati, anayendetsa maso kumanzere ndi kumanja kawiri. Mayankho olondola anapezeka pa mafunso pafupifupi 18 pa 100 alionse. Ambiri sanayankhidwe n'komwe. Koma zinakwanira kutseka pakamwa okayikira.

Tsono taonani pamene umboni wonsewu waima. Waima pa pangano la pakamwa, lopangidwa wolota asanagone, ndi pa zimene iye akufotokoza atadzuka. Galu mungamuphunzitse kukhala pansi, kubweza mbuzi, ngakhale kununkhiza katundu pabwalo la ndege. Koma kumuuza kuti ukadzaona kuti zimene ukuonazo si zenizeni udzagwedeze maso, mumuuza m'chilankhulo chanji? Ofufuza amayenera kuzungulira njira yaitali, ndipo njirayo ili ndi mafunso awiri: kodi nyama zimalotadi, ndipo kodi zimatha kuunika maganizo awo omwe?

Amphaka a ku Lyon

Pa funso loyamba umboni ndi wochuluka. Michel Jouvet, dokotala wa ubongo ku Lyon ku France, anapeza kuti chozimitsa minofu m'tulo chili m'tsinde la ubongo. Mu 1965 iye ndi mnzake anafotokoza zimene zinachitika atawononga kachigawo kakang'ono kameneka mwa amphaka. Ali maso, amphakawo anali bwinobwino. Akalowa m'tulo ta REM, zinthu zinkasintha. Mphaka ankadzutsa mutu, n'kumatsatira ndi maso chinthu chimene panalibe. Ankaimirira, kunyang'ama, kuwenderera, kenaka n'kulumphira pamalo opanda kanthu. Nthawi zina ankakunga msana, ubweya uli nyankhalala, ngati wakumana ndi mdani. Akamuyendetsera chinthu pamaso sankachitsatira. Thupi linali m'chipindamo, mwini wake ali kwina.

Makoswe anapereka umboni wa mtundu wina. M'ubongo muli chigawo chotchedwa hippocampus, ndipo mu 1971 John O'Keefe wa ku London anapeza kuti muli maselo amene amayaka khoswe akafika pamalo akutiakuti: selo ili ndi la pakona, ilo ndi la pafupi ndi chakudya. Ntchitoyi inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2014. Mu 2001 Kenway Louie ndi Matthew Wilson a ku yunivesite ya MIT anathamangitsa makoswe m'kanjira kozungulira akujambula maselowa, kenaka n'kupitiriza kujambula makoswewo atagona. Pa pafupifupi theka la nthawi za tulo ta REM zimene anaunika, maselo anayaka motsatizana monga momwe anayakira pothamanga paja, moti ofufuza ankatha kuloza pamene khoswe wafika m'kanjirako.

Mu 2022 Yuta Senzai ndi Massimo Scanziani ku San Francisco anawonjezera china. Mbewa zili ndi maselo osonyeza kumene mutu waloza. Iwo anapeza kuti m'tulo ta REM, maso a mbewa akatembenukira kumanja, maselo aja nawo amasonyeza kuti mutu wakhotera kumanja, pamene mutu weniweniwo uli chigonere. Kuyenda kwa maso kuja si kwachabe ayi: mbewa ikuyang'anayang'ana m'dziko limene lili m'mutu mwake.

Mndandanda ukunka nutalika. Mu 2000 ku Chicago anapeza kuti ubongo wa timbalame ta ku Australia totchedwa zebra finch umabwereza usiku dongosolo la nyimbo imene timaimba masana. Mu 2016 ku Frankfurt anaona magawo awiri a tulo akusinthana pa masekondi pafupifupi 80 alionse mwa buluzi wa ku Australia, wachibale wa gulo wathu yemweyu. Okutopasi, nyama ya m'nyanja zamchere ya mikono 8, amasinthasintha mtundu wa khungu kwa kanthawi kochepa ali mtulo. Ngakhale tiana ta kangaude wodumpha, tinajambulidwa ku Germany mu 2022 tikupinda miyendo ndi kuyendetsa ziwalo za m'maso titalendewera pa ulusi usiku.

Si onse amene amakhutira. David Foulkes, amene kwa zaka zambiri ankadzutsa ana m'tulo ta REM n'kuwafunsa zimene amaona, anapeza kuti ana aang'ono osafika zaka zisanu kawirikawiri sanena kanthu, ndipo akanena zimakhala zithunzi zongoima. Iye anatsimikiza kuti kulota kumakula limodzi ndi nzeru, choncho tulo ta REM patokha si umboni wa maloto. Chenjezo lake n'lofunika. Komabe mukaika pamodzi mphaka wowenderera, khoswe wobwereza njira ndi mbewa yoyang'anayang'ana, kukana kuti nyama zoyamwitsa zimaona kanthu kutulo kumafuna khama lalikulu kuposa kuvomera.

Nanga agalu enieniwo?

Mzinda umene waphunzira kwambiri za tulo ta agalu ndi Budapest ku Hungary. Kumeneko Anna Kis ndi anzake anapeza njira yoyezera ubongo wa galu popanda kumuboola chigaza: amamumata timawaya pamutu, mwini wake n'kukhala naye pambali m'chipinda chamdima mpaka atagona. Mu 2017 anaphunzitsa agalu malamulo a Chingerezi akuti khala pansi ndi gona pansi, amene agaluwo ankawadziwa kale m'Chihangare, kenaka n'kuwagoneka. Phunzirolo linasintha kayendedwe ka ubongo wawo m'tulo, ndipo kusinthako kunkagwirizana ndi momwe anakhozera atadzuka. Zamasana zimalowa nawo m'tulo, monga momwe zimachitira kwa ife.

Pali agalu enanso ofunika kuwatchula. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ku Stanford ankaweta agalu, ambiri a mtundu wa Doberman, odwala matenda a tulo otchedwa narcolepsy. Galu wotere akasangalala, mwina poona chakudya chokoma, miyendo imalobodoka n'kugwa pansi, kuzima kwa minofu kwa m'tulo ta REM kutamugwera ali maso. Kudzera mwa agalu amenewa, gulu la Emmanuel Mignot linapeza mu 1999 chimene chimayambitsa matendawa mwa iwo, ndipo zinathandiza kumvetsa matendawa mwa anthu. Chochititsa chidwi n'chakuti anthu odwala narcolepsy ndiwo akatswiri a maloto ozindikira. Kafukufuku wa ku Paris wa mu 2015 anapeza kuti oposa atatu mwa anayi alionse amalota chotere. Malire a tulo ndi kukhala maso akakhala ofooka, kuzindikira kumalowa mosavuta. Agalu aja anali ndi malire ofooka omwewo. Zimene ankaona m'mitu mwawo anapita nazo okha.

Kudziwa kuti sukudziwa

Funso lachiwiri ndiye lolimba. Kuti wolota anene kuti awa ndi maloto, ayenera kuima pambali pa zimene akuonazo n'kuziweruza. Ayenera kukumbukira kuti kuli dziko lina kumene thupi lake lagona, n'kufananiza. M'maloto wamba ngakhale ife sitichita zimenezi: timacheza ndi malemu, nyumba imasanduka basi, ife osadabwa. Chifukwa chake n'chakuti mbali zina za kutsogolo kwa ubongo, zimene zimaunika ndi kuweruza, zimafooka m'tulo ta REM. Kafukufuku wa ku Frankfurt mu 2009 ndi wa ku Munich mu 2012, ngakhale anachitika pa anthu ochepa kwambiri, anasonyeza kuti wolota akazindikira, mbali zimenezi zimadzukanso. Mu 2015 ofufuza a ku Germany anapezanso kuti anthu olota chotere kawirikawiri ali ndi nsonga ya kutsogolo kwa ubongo yokulirapo, chigawo chomwecho chimene chimagwira ntchito munthu akamaunika maganizo ake ali maso.

Kodi nyama zimaunika maganizo awo? Mu 1995 David Smith ndi anzake anafalitsa zimene anaona pa dolofini wina ku Florida. Anamuphunzitsa kugunda chopondera china akamva kulira kokwera, china akamva kotsika, ndipo panali chachitatu chongopempha kudumpha funsolo. Kulira kukakhala pamalire, kovuta kusiyanitsa, dolofiniyo ankazengereza, kenaka n'kusankha chachitatu chija. Mu 2001 Robert Hampton anasonyeza kuti anyani a mtundu wa rhesus amakana mayeso akaona kuti aiwala chithunzi chimene anawaonetsa. Mu 2007 makoswe nawo anachita zofanana. Otsutsa amati nyama ikhoza kungophunzira kuti funso lotere silipindulitsa, popanda kudziunika kulikonse, ndipo mkanganowu sunathe.

Agalu ali pakatikati. Mayeso otchuka a kalilole, amene Gordon Gallup anayambitsa mu 1970, amawalephera. Chimpanzi akapakidwa kadontho pachipumi n'kuona pagalasi, amagwira chipumi chake. Madolofini, njovu ya ku Asia ndi mbalame ina ya mtundu wa khwangwala zinaonetsanso zotere. Galu amauwa chithunzicho, kenaka n'kusiya kuchilabadira. Koma galu dziko amalidziwa ndi mphuno. Mu 2017 Alexandra Horowitz wa ku New York anaikira agalu timbale ta mkodzo, ndipo ankachedwa kwambiri kununkhiza mkodzo wawo womwe ukathiridwa fungo lina, ngati aona kuti china chake chasintha pa iwo. Mu 2021 ku Budapest anaimika agalu pa kamkeka n'kuwauza kuti apereke chidole chimene chinali chomangiriridwa ku kamkekako. Ambiri ankatsikapo kaye, kusonyeza kuti adziwa kuti chopinga ndi thupi lawo lomwe. Mu 2018 ku Jena ku Germany, agalu ankakonda kukasuzumira pa mpata wa mpanda akakhala kuti sanaone kumene chakudya chabisidwa.

Zonsezi ndi njerwa, koma nyumba sinaoneke. Kudziwa kuti sindinaone kumene nyama yabisidwa n'kosiyana kutali ndi kudziwa kuti zonse zimene ndikuonazi zachokera m'mutu mwanga.

Palinso chodabwitsa china. Nyama zina zimene zimakhoza bwino mayeso a kudzizindikira ndizo zili ndi tulo ta REM tochepa. Dolofini amagona theka la ubongo, theka lina lili maso kuti azipuma, ndipo tulo ta REM tooneka bwino sitinapezeke mwa iye. Njovu ziwiri zazikazi zimene ofufuza a ku Johannesburg anazitsatira ku Chobe ku Botswana, malinga ndi lipoti la mu 2017, zinkagona maola awiri okha patsiku, ndipo kugona chogona pansi, kumene tulo ta REM timafuna, kunkachitika patapita masiku atatu kapena anayi. Choncho ngati pali nyama yoyamba kuiganizira, ndi chimpanzi ndi abale ake, amene amayala zisa m'mitengo n'kugona usiku wonse, ndipo ubongo wawo wa kutsogolo ndi wofanana kwambiri ndi wathu.

Kodi pali njira yofunsira?

Wina angati: muphunzitseni galu kuyendetsa maso akamva belu, kenaka mulize beluyo ali m'tulo. Mbali ina ya zimenezi inatheka kale. Mu 2012 Daniel Bendor ndi Matthew Wilson anaphunzitsa makoswe kuti kulira kwina n'kopita kumanzere, kwina kumanja. Atawalizira ali mtulo, ubongo unkabwereza njira yogwirizana ndi kulirako. Zakunja zikhoza kulowa m'tulo ta nyama n'kuwongolera zimene zikuchitikamo.

Koma kuyankha si kuzindikira. Mu 2023 ofufuza a ku Paris anasonyeza kuti anthu ogona, ngakhale amene sakulota mozindikira, nthawi zina amatha kumwetulira kapena kukwinya nkhope mogwirizana ndi mawu amene akuuzidwa, monga anawalangizira asanagone. Galu atayankha belu m'tulo tingadziwe kuti khutu ndi ubongo zikumvana, osati kuti iye wadziwa kumene ali. Chiyembekezo china n'chakuti asayansi adzapeze chizindikiro chodalirika cha m'ubongo chimene chimaoneka nthawi zonse munthu akalota mozindikira, kenaka akachifunefune mwa nyama. Chizindikiro chotero, chimene onse angagwirizanepo, sichinapezeke ngakhale mwa anthu.

Pakadali pano, zimene umboni ukuloza n'zakuti galu amalota, ndipo mosakayika kwenikweni amalota monga timalotera ambirife masiku ambiri: osadziwa. Zimenezi zili ndi kulemera kwake. Madokotala ena amaphunzitsa anthu ovutika ndi maloto oopsa kuti azizindikira kuti akulota, chifukwa ukadziwa, mantha amachepa. Nyama yopanda luso limeneli ilibe pothawira. Ndipo zowawa nazo zimabwerezedwa m'tulo: mu 2017 ku New York anapeza kuti makoswe amene anapemereredwa mpweya wodzidzimutsa pamalo ena m'kanjira, atagona, maselo a malowo ankayaka pamodzi ndi maselo a chigawo cha ubongo chosunga mantha.

N'chifukwa chake madokotala a ziweto amalangiza kuti galu amene akulira kapena kulusa m'tulo musamugwedeze ndi dzanja. Kwa masekondi angapo sadziwa kuti dzanjalo ndi lanu, ndipo akhoza kuluma. Mwana wamng'ono ndiye asayandikire n'komwe. Ngati n'kofunika kumudzutsa, muitaneni dzina muli poteropo. Ndipo amene amamanga galu pa unyolo waufupi tsiku lonse, kapena kumumenya kuti akhale wolusa, adziwe kuti chilangocho sichithera masana. Asayansi angatenge zaka zambiri asanayankhe ngati galu amadziwa kuti akulota, koma zimene akalote usiku uno timamukonzera ndife, ndi mmene tamusungira lero.